Njoka za Che Mustafa Sizinama

Jameson anamumangirira pa mzati wa khonde la sitolo ya mmwenye, ndi chingwe chokokera ukonde chomwe anapota yekha. Mkazi wake Edina anachizindikira chingwecho asanamuyang'ane n'komwe kumaso. Anatula kambale ka chinangwa chophika pafupi ndi mapazi ake, n'kugwada chapatali moyang'ana kwa wapolisi.

Wapolisiyo anali Kopolo Stanley wa ku Salima. Anabwera pa njinga dzulo lake, ndipo matope anali ataumira m'masokosi ake mpaka m'maondo.

"Ndinu akazi ake?"

"Ndine, bambo."

"Mumubweretsere bulangete. Lole yalephera kuwoloka, mtsinje wadzaza. Madzi akaphwa tinyamuka, mwina mawa."

"Akakafika ku Salima abwerako liti?"

Kopolo anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Sanali munthu wankhanza, n'chifukwa chake anachedwa kuyankha.

"Mayi, mlandu wopha munthu suthera ku Salima. Umathera ku Zomba. Amene woweruza wamupeza wolakwa sabwerako."

Nkhaniyo gombe lonse linkaidziwa. Lachisanu m'mawa Jameson anakankha bwato kupita ku chilumba cha Mbenji kukatenga maukonde ake mvula isanalimbe. M'bwatomo munalinso Sidiki, mng'ono wake wa Che Mustafa, woweta njoka wa pamudzipo. Dzuwa lili pamutu kunagwa namondwe wochokera kumpoto. Jameson anatsakamira cha ku Lifuwu atakakamira bwato lotembenuzika. Sidiki anapezeka Lamulungu pakati pa miyala, ali ndi bala kuseri kwa khutu. Anamuika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ndipo pochoka kumanda Che Mustafa ananena pamaso pa anthu kuti madzi saboola munthu mutu. Anati bala lija ndi la nkhafi. Anati bwato litayamba kudzaza, Jameson anakantha mnzake kuti lipepuke.

"Inu balalo munaliona?" Edina anafunsa.

"Ndinapeza ataika kale. Amene anasambitsa mtembo ndi Che Mustafa. Mboni ndi yomweyo, koma aliyense amene ndamufunsa akuti munthu ameneyo mawu ake sanagwepo pansi."

Edina anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Fanny." Ankamuitanabe choncho, ngakhale Fanny anali atagona kumanda chaka chathunthu. "Munamumenya?"

"Ndinamugwira malaya, Edina. Funde linatiponya pamwala, malaya n'kutsala m'dzanja langa."

"Nanga munapitiranji panyanja tsiku loipa ngati limenelo?"

"Ndinafunsa, monga timafunsira tonse. Che Mustafa anati zagona, pita."

Ananena izi maso ali pansi. Panali patapita miyezi tsopano, nyumba ya Che Mustafa ikangotchulidwa maso a Jameson ankafuna pansi. Edina anali ataphunzira kusafunsa. Tsiku limenelo anadzuka pa khondepo akudziwa kuti kusafunsa kwamuthera.

* * *

Asodzi a pagombepo sankakhulupirira mitambo. Mwezi wa Novembala kumwamba kumatha kucha kuli mbee, munthu n'kufika pakati pa nyanja, mphepo n'kumupeza ngati inachita kumubisalira. Che Mustafa ankaweta njoka m'mabokosi ndi m'mitanga kuseri kwa nyumba yake, ndipo mzungu wina ankabwera pa sitima kudzatenga zina, akuti kukazikama ululu. Koma ulemu wake pamudzi unali pa china. Njoka zakezo zinkamva namondwe akadali kutali. Msodzi aliyense wofuna kuwoloka ankayamba waima pa mpanda wake n'kufunsa kuti lero zikuti bwanji.

Pafupi ndi mpandawo panali mkuyu, ndipo pansi pake pankakhala Che Saidi, msodzi wokalamba amene nyanja inamusiyira ntchito yosoka maukonde. Edina anamupeza atakola ukonde ku chala chachikulu cha kumwendo.

"Odi, Che Saidi."

"Lowani, ngakhale chitseko palibe. Mwabwera kudzandifunsa zimene wandifunsa kale wa masokosi uja? Ndinamva, inde. M'thupi monsemu makutu okha ndi amene akana kukalamba. Jameson anaima pa mpanda apo, Che Mustafa anatulukira kuseri, anati, 'Zagona. Pita.' Basi."

"Zinayamba zanamapo njokazo?"

"Chiyambire kuziweta, ayi. Lachisanu n'koyamba. Kaya nazonso zayamba kukalamba."

"Nanga bwanji mabwato ena sanapite?"

"Tsiku la Juma, mwana wanga. Ife timakhala ku mzikiti. Pagombe pano amene amakankha bwato Lachisanu ndi mwamuna wako yekha, Mkhristu wathu mmodzi."

"Koma Sidiki anakwera."

Nthabwala zinachoka pankhope ya mkuluyo. Anamanga mfundo, n'kuluma ulusi.

"Sidiki anali wopanda makutu. Anakabisala kuseri kwa bango kuti akuluakulu tisamuone, anakwera bwato litachoka kale padooko. Ngakhale mkulu wake sanadziwe. Mphepo itayamba tinali pakhomo pa mzikiti. Wina anati Jameson ali panyanja. Che Mustafa anangoti mwini zonse ndi Mulungu, n'kumavala nsapato zake. Kenaka wina anati Sidiki naye ali momwemo. Munthu uja anakhala pansi m'matope ngati wathyoka msana."

"Mtembo munavuula ndinu. Balalo munaliona bwanji?"

"Bala ndi bala. Pamene ndinamupezapo pali miyala yoti ingaswe ndi mutu wa mvuu womwe. Koma ine ndine ndani kuti nditsutse mwini maliro?"

Edina anathokoza n'kudzuka. Asanapite patali, Che Saidi analankhula ngati akuuza ukonde wake.

"Chimene chikundizunguza ine ndi china. Mvula ija inatipeza tonse tili phee. Usipa wanga unawolera pa thandala, anzanga mpunga unawanyowera pabwalo. Mudzi wonse unalira. Koma alipo akazi awiri amene sananyowetse kanthu."

"Ndani?"

"Salome wa mbewa uja. Ndi mkazi wa Che Mustafa."

* * *

Salome ankakhala kumtunda, kumene mchenga umathera n'kuyamba minda ya thonje. Anali mayi wamfupi, wa mawu othamanga, ndipo anayamba kuyankha Edina asanamalize kufunsa.

"Ufa wanga? Ndinaanula dzuwa likuswa mtengo, anzanga akundiseka kuti Salome wapenga. Anaseka mpaka mvula inawatseka pakamwa. Ukudziwa iwe, njoka zija zimadya mbewa zamoyo. Asilamu mbewa sakhudza, ndiye wokumba ndine. Ndimapita nazo m'mawa m'chikho ichi, nditatseka ndi chiguduli. Akalandira ndimadziwa kuti kunja kuli bwino. Akandibweza kuti lero sizidya, ndimathamanga osayang'ana m'mbuyo, chifukwa njoka ikakana chakudya ndiye kuti mvula ili panjira. Bwato ndilibe ine, koma ufa ndili nawo."

"Lachisanu anakubwezani?"

"Osayang'ana n'komwe m'chikhomo. Ndinamupeza ali kalikiliki kumanga zivundikiro ndi luzi, kusanjika miyala pamwamba pa mitanga. M'mabokosi muli phokoso ngati munthu akusesa masamba ouma. Mbewazo tinawamba, ana anadya, anakondwa."

"Pamenepo n'kuti bambo a Fanny atapita kale?"

"Ayi. Ndinakumana nawo panjira, ine ndikubwerera, iwo akupita kukafunsa, nkhafi ili paphewa. Tinapatsana moni. Ndinafuna kuwauza, koma ndinati ndiwauzirenji, akamva kwa mwini wake. Nditamva za ngoziyi ndinati anawaletsa, iwo n'kuchita makani, monga amachitira amuna."

"Sanawaletse. Anati zagona, pita."

Salome anakhala pa mtondo umene unali pafupi. Anayang'ana manja ake.

"Ndiye kuti ankadziwa," anatero pang'onopang'ono. "Ndipo ine ndinamupatsa moni munthu akupita kukamira."

"Mukanene zimenezi kwa kopolo. Mutsike masana ano, mutenge ndi mbewa zomwe."

"Kunena ndinena, pakamwa panga sipanandikanepo. Koma kopolo adzati Salome ndi ndani pamaso pa Che Mustafa. Adzafunsa kuti munthu wolemekezeka angafune kumiza Jameson chifukwa chiyani. Pamenepo ndiyankhe chiyani?"

"Inu mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?"

Salome, amene sanasowepo mawu chibadwire, anayang'ana kumbali n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku imene sinalakwe kanthu. Edina anaona chisoni pankhope pake, ndipo chisonicho chinamuwawa kuposa chipongwe. Ngati nkhaniyo inakwera mpaka kuminda ya thonje, ndiye kuti pagombe panalibe amene sankaidziwa. Akazi onse amene ankatunga naye madzi ankamuyang'ana kumsana.

* * *

Miyezi ingapo m'mbuyomo, akuchapa kabudula wa mwamuna wake, Edina anapeza m'thumba kalilole wamng'ono wa mkombero wobiriwira, wokulungidwa m'pepala. Anamubwezera momwemo akuganiza kuti ndi mphatso yake. Tsiku limenelo anadzola mafuta m'tsitsi, koyamba chimwalirire Fanny, ndipo anadikira. Anadikira mawa lake, ndi mkuja. Kaliloleyo sanafike m'manja mwake.

Anamupeza tsopano atasomekedwa m'bango pafupi ndi chitseko cha Che Mustafa.

Zuleka, mkazi wa Che Mustafa, anali pakhonde akupeta mpunga wa sadaka ya malemu. Anali wamng'ono kwa Edina, wa khosi lalitali, ndipo ngakhale maso atatupa ndi kulira ankaonekabe bwino. Edina anaziona zonsezi, chimodzichimodzi, monga munthu amakanikizira chala pa chilonda chake. Mwini nyumba anali atapita kwa shehe.

"Pepani ndi maliro, a Zuleka."

"Zimachitika. Pepani inunso."

"Ndamva kuti usipa wanu sunanyowe Lachisanu."

"Ndinaanula."

"Kumwamba kuli mbee?"

"Ndinangoganiza."

"Muli ndi mwayi inu. Zinthu zimangokupezani zokha. Ndi akalilole omwe."

Lichero linaima. Mpunga wina unatayikira pa mphasa, ndipo Zuleka anautola njere imodziimodzi asanalankhule.

"Sindinamuitane ine. Ankabwera kudzafunsa za mphepo. Kenaka anayamba kubwera ngakhale tsiku losapita panyanja. Ankati kwanu kuli zii, mwana anapita ndi mawu onse a m'nyumba."

Za Fanny Jameson sanalankhulepo ndi Edina ngakhale kamodzi. Anali atazitenga n'kukazitula pakhomo pa mkazi wina.

"Amuna anu anadziwa liti?"

"Anapeza mapazi ake m'munda wa chinangwa. Munthu wolondola njoka pamchenga sangasokere phazi la munthu. Sanandimenye, sanandifunse. Anangoyamba kumupatsa moni wautali."

"Ndipo Lachisanu anakuuzani kuti muanule usipa."

Zuleka anayambanso kupeta mpunga.

"Mukanene kwa kopolo."

"Ndikanena, ndamangitsa mwamuna wanga. Ndipita kuti ine? Kwathu adzandilavulira."

"Mukapanda kunena, anyonga wanga."

Zuleka anadzutsa mutu. Misozi inali ikutsika osaipukuta.

"Mukuyesa sindikudziwa? Chimumangire sindinaike kanthu pakamwa. Ndikatseka maso ndikumuona pa mzati paja."

Edina akanakonda mkaziyo akanamuseka kapena kumutukwana. Akanadziwa chochita naye. Koma uyu ankalira Jameson ngati wake, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Edina anamva dzanja lake likufuna kuzula kalilole uja n'kumuswa pamwala. Analikanikiza pa ntchafu.

Pamenepo kuseri kwa nyumba kunamveka kugunda, ngati wina akugogoda pa thabwa. Edina anadzuka n'kuzungulira nyumbayo. Khola la njoka linali la bango, lofoleredwa ndi udzu, ndipo mkati munali fungo la chinyontho. Pa nsanja panali mabokosi a sopo otchingidwa ndi waya kutsogolo, pansi pali mitanga. Mtanga wina unkasuntha wokha. Mphiri, njoka imene imagona ngati chipika, inkazungulira m'bokosi mwake osapuma. Mbobo wautali anali ataimika mutu akukhula mphuno pa waya, uku ndi uku, ndipo pamphunopo panali nkhanambo yakuda imene inali itayamba kutulukanso magazi.

"Zayambanso," anatero Zuleka kumbuyo kwake. "Chiyambire m'mawa. Ikubwera ina."

Edina anayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo. Kunkangotentha moti mpweya unkakana kulowa m'chifuwa. Anakweza chitenje chake n'kuyamba kuthamanga.

* * *

"Ndafunsa anthu mudzi wonse," anatero Kopolo Stanley, "tsopano mukuti ndikafunse njoka?"

"Simukufuna kudziwa ngati lole iwoloke mawa, bambo? Amene angakuuzeni ndi Che Mustafa."

Kopolo anamuyang'anitsitsa, kenaka anayang'ana Salome amene anali atafika ndi chikho chake chotseka ndi chiguduli. Anavala chipewa. Anasiya mmwenye kuti ayang'anire wamangidwayo, ndipo atatuwo ananyamuka. Anthu ataona wapolisi akuyenda ndi akazi awiri anayamba kutsatira. Pofika pa mkuyu anali khamu, ndipo Che Saidi naye anakolola ukonde kuchala.

Anapeza Che Mustafa atabwerako. Anali munthu wamtali, wowonda, wopanda chala chimodzi cha kudzanja lamanzere chimene anachidula yekha kalekale njoka itamuluma. Anali atapinda mkanjo wake woyera, luzi lili kukamwa, akumanga chivundikiro cha mtanga.

"Che Mustafa, pepani kukuvutani pa nthawi ya maliro," anatero kopolo. "Ndimati ndidziwe ngati mtsinje uphwe."

"Suphwa. Ikubwera mvula lero lomwe, yoposa ija."

"Ine sindikuona mtambo."

"Inu mumaona ndi maso. Izi zimamva ndi mimba." Mawu ake anali ofatsa, a munthu amene wazolowera kumveredwa. "Njoka imakhala kuuna, ndipo mvula ikagwa una umadzaza madzi. Ndiye imayenera kudziwa msanga kuti isamuke. Izi ndazitsekera, koma thupi silinaiwale. Zimakwera, zimakhula mphuno kufuna potulukira, zimakana kudya. Tsiku lotere sindizigwira, ndimangomanga n'kusanjika miyala."

"Kukana kudya? Ndione."

Che Mustafa anatenga chikho cha Salome, anatsegula kakhomo ka pamwamba pa bokosi la mphiri n'kugwetseramo mbewa imodzi. Mbewayo inaunjikana pakona ikunjenjemera. Mphiri inadutsa pamwamba pake ngati ndi mwala, n'kupitiriza kuzungulira.

"Zimayamba nthawi yanji?"

"Kukangocha."

"Sizilephera?"

"Sizinalepherepo." Anaima pang'ono. "Kupatula Lachisanu."

"Lachisanu munandibweza, Che Mustafa," anatero Salome. "Munati lero sizidya. Miyala iyi munasanjika ine ndikuona, Jameson asanafike pa mpanda."

"Mayi uyu akusokoneza masiku."

"Ufa wanga sunasokoneze. Funsani aliyense kumtunda amene anandiseka."

Edina analoza bokosi la mbobo.

"Bambo, taonani mphuno ya njoka iyo. Magaziwo ndi a lero, koma nkhanamboyo si ya lero."

Kopolo anawerama, osayandikira kwambiri, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Atadzuka nkhope yake inali itasintha. Che Mustafa anaona zimenezo. Anachotsa luzi m'dzanja n'kutembenukira kwa anthu amene anadzaza pa mpanda.

"Chabwino. Akuti ndinanama. Nanga ndikananamiranji? Jameson anandilakwira chiyani kuti ndimufunire imfa? Alipo akudziwa? Anene."

Anawayang'ana mmodzimmodzi. Amuna anayang'ana zala za kumapazi, akazi anakonza mipango yomwe inali bwinobwino. Che Mustafa ankadziwa anthu ake. Panalibe amene akananyazitsa munthu wamkulu pabwalo pake, sadaka ya mng'ono wake isanaphikidwe. Kopolo anadikira, kenaka anapumira m'mwamba.

"Popanda chifukwa, mayi," anauza Edina chapansipansi, "ili ndi liwu la mayi wa mbewa ndi mphuno ya njoka. Bwana wanga ku Salima adzandiseka."

Miyezi yonseyi Edina anali ataisunga nkhaniyo ngati khala m'dzanja, akudziuza kuti bola ngati sinanenedwe iye akadali mkazi wa Jameson ngati akazi ena onse. Ikangotuluka pakamwa pake sakanathanso kupita kudooko mutu uli m'mwamba. Anaganiza za chingwe chija pa mzati. Anagwada, monga ayenera mkazi polankhula ndi akuluakulu.

"Che Mustafa, chifukwa chake n'chakuti mwamuna wanga amagona ndi mkazi wanu. M'munda wa chinangwa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, ndipo onse aima apawa akudziwa."

M'mabokosi njoka zinkapitiriza kukhula waya.

"Bodza," anatero Che Mustafa, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu.

"Si bodza." Zuleka anali ataima pakona pa nyumba, lichero lili m'manja. Sanayang'ane munthu aliyense. "Ndipo Lachisanu munandidzutsa kuti ndisayanike usipa wina, ndianule ndi umene unalipo. Munati ikubwera yaikulu. Jameson anafika nditamaliza."

Che Mustafa anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa mwala umene anafuna kusanjika pa mtanga.

"Linali tsiku la Juma," anatero. "Sidiki amayenera kukhala pambali panga mu mzikiti. Ndinamusungira malo. Ndinkangoyang'ana kukhomo kuti mwanayu wachedwa kuti." Anapukuta pakamwa ndi dzanja lopanda chala lija. "Ine ndinati pita kwa munthu mmodzi."

"Nanga bala la nkhafi?" anafunsa kopolo.

"Uyo anabwerako wamoyo. Mng'ono wanga ndinamusambitsa ndi manja awa. Ndikanamusiya bwanji akuyendayenda pagombe pano?"

"Ndafunsa za bala."

"Linali la mwala. Munali mchenga ndi ndere."

Che Saidi ananong'ona pemphero. Kopolo anakanda kumutu pansi pa chipewa.

"Sindikudziwa kuti bwana adzautcha mlandu wanji, wotumiza munthu ku imfa ndi pakamwa. Koma wonamizira mnzanu kuti anyongedwe ndikuudziwa. Tiyeni."

"Ndimalize kumanga kaye," anatero Che Mustafa. "Yatsala mitanga iwiri. Zikatuluka zilowa m'nyumba za anthu."

Kopolo anamulola. Anthu anaima chete kumuonerera akumanga mfundo zake mosamala, akuyesa chivundikiro chilichonse ndi chikhatho. Chakumpoto, pamwamba pa nyanja, kunali kutayamba kuda.

* * *

Nkhani inafika ku sitolo iwo asanafike. Edina anapeza Jameson ataimirira, akukoka chingwe kuti aone kunjira. Kopolo anayesa kumasula, koma mfundo zinali zitalimba ndi kukokako, ndipo anapempha mpeni kwa mmwenye. Chingwe chinagwa. Mphepo yoyamba inafika, yozizira, n'kuulutsa mchenga pakhondepo.

"Ndiwe mfulu," anatero kopolo. "Uthokoze akazi akowa. Lero alipira zambiri."

Analowa mkati ndi Che Mustafa. Anthu anayamba kubalalika, aliyense kuthamangira ku thandala lake.

Jameson anasisita manja pamene chingwe chinadya. Anali atawonda m'masiku ochepawo, milomo itang'ambika. Edina anamumvera chifundo ngakhale sankafuna. Anaima pafupi n'kudikira. Sankadziwa chimene akanachita mwamunayo akanati pepa. Mwina akanamutukwana, mwina akanamugwira dzanja n'kupita naye kunyumba kukamutenthetsera madzi.

"Edina."

"Ndili pano."

Maso ake sanafune pansi ulendo uno. Anadutsa paphewa la Edina n'kukwera njira ya ku mkuyu.

"Akuti analankhula pamaso pa anthu. Sanamuchite kanthu? Zuleka ali bwino?"

Edina anamuyang'ana bwinobwino, kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi otupawo, munthu amene anamulanditsa.

"Ali bwino," anatero. "Ali yekha pakhomo. Akulira inu."

Anatsika pakhonde n'kulowera njira ya kunyumba kwake. Sanatembenuke. Anayenda pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo, kuti amve ngati mapazi a Jameson akumutsatira kapena akukwera kwina. Pomwepo mvula inayamba kugunda pa malata a sitolo, ndipo sanamvenso kanthu.